Ndege Yomwe Sinayake Moto

Lachitatu m'mawa, kapitawo wa katundu pa kabwalo ka ndege anaima pafupi ndi sikelo akukanda m'mutu. Wamalonda wina anali atamufumbatitsa kangachepe kuti mabatire ake a sola akwere nawo mwakachetechete. Koma mabatire si thonje. Ndege yaing'ono ili ndi malire ake, ndipo anthu, katundu ndi mafuta zonse zimalemera pamodzi.

Kapitawo anaona njira yachidule. Anatsegula kampopi kunsi kwa phiko, nakhetsera mafuta m'zigubu ziwiri, n'kukazibisa m'buti ya galimoto yake. Anadziuza kuti mafuta otsalawo akaifikitsa ndegeyo ndithu.

Woyendetsa ndegeyo anali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake wamng'ono. Geji ya mafuta inali yabodza kuyambira kale, choncho mlamuyo ankaviika yekha kamtengo m'thanki asananyamuke. Tsikuli anafika mochedwa, apaulendo anayi akung'ung'udza kale.

"Mwaviika, alamu?" anafunsa kapitawo uja.

"Ndaviika. Ndi odzaza."

Mlamuyo anamugwira paphewa, n'kukwera.

Panjira anakumana ndi chimphepo chowabweza m'mbuyo, ndipo anazungulira kutali pothawa mitambo ya mvula. Injini inazima bwalo lofikira likuonekera chapatali. Ndege yolemedwa siichedwa kutsika. Inagwera m'munda, ndipo palibe anapulumuka.

Pakamwa pa anthu sipadikira lipoti. Ena anati woyendetsayo anali wamatama, ena anati analawako m'mawa. Mlongo uja ankazimva zonse ali pamkeka, misozi ili chuchuchu. Kapitawo anathamanga ndi za maliro kuposa aliyense. Bokosi anagula ndiye, tenti anakhoma ndiye, anthu n'kumayamikira kuti mlamu ndi ameneyu. Koma mtima unkamudya. Ndende sankaiopa kwenikweni. Ankaopa tsiku limene mlongo wake adzadziwe, mwana amene anamulera yekha makolo awo atamwalira.

Wapolisi wina wamkazi anamupeza kuseri kwa tenti. Anamuuza kuti ndegeyo sinayake moto chifukwa matanki anali ouma gwa, ndipo m'zidutswa zake munapezeka mabatire opanda mwini. Kapitawo anayankha kuti za mafuta ankadziwa ndi malemu.

Tsiku loika maliro magetsi anathima kwaya ili pakati pa nyimbo. Jenereta inalipo, koma youma. Mkazi wa kapitawo, pofuna kuthandiza, anakumbukira kuti anaona zigubu m'galimoto, ndipo anakatenga chimodzi.

Namfedwa, mlongo uja, ankadutsa pomwepo atagwiriziridwa ndi amayi awiri. Anaima. Mafuta amene ankatsikira m'jeneretamo anali abuluu. Iye anachapa malaya a mwamuna wake zaka zambiri, ndipo mtunduwo ndi fungo lake ankazidziwa bwino: anali mafuta a ndege.

"Mafuta awa achokera kuti?"

"M'galimoto ya achimwene anu," mkazi wa kapitawo anayankha mosadziwa kanthu.

Kapitawo anali atagwira kale chogwirira cha bokosi, kutsogolo kumanja. Anaona mlongo wake akubwera, wapolisi uja ali pambuyo pake.

"Achimwene, anthu akhala akumutukwana mwamuna wanga inu mukumva. Munakhala chete?"

"Ndinkaganiza kuti afika, mlongo wanga."

"Ndakufunsani za kukhala chete."

Wapolisi anapempha kapitawo motsitsa mawu kuti asiye bokosilo, ndipo anamuveka unyolo anthu onse akuona. Mkazi wake anakhala pansi pafumbi, chigubu chili pambali, akulira kuti iye ankangofuna kuti nyimbo ipitirire.

Akukwera galimoto ya polisi, kapitawo anacheuka. Amuna asanu ananyamula bokosi, ndipo linapendekera kumene iye anachoka. Palibe mwamuna amene anafuna kuima pamalo pakepo. Mlongo wake anapukuta misozi, nagwira chogwiriracho yekha, maliro n'kunyamuka.