Mpweya wa Nyimbo Yachinayi

Jucilene ankaanula zovala padenga la nyumba yake dzuwa likulowa, nyimbo ikugunda kwa wometa tsitsi kumunsi. Phiri lonse la Vila Cascalho linali litapenga ndi chimbale chatsopano cha kampani ya Beco Fundo, chosonkhanitsa nyimbo khumi ndi ziwiri zimene zinavuta kwambiri pa zaka khumi. Anachikonza pa kompyuta ndi Jucilene yemweyo, ndipo nyimbo yachinayi inali yake, ya masiku amene ankaimba rapu.

"Juci, tatsika!" anakuwa Neide, mnzake wa khomo loyandikana. "Tonhão watisiya!"

"Usaseweretu iwe."

"Ndisewere ndi maliro? Wangobanika ali pa njinga yamoto, basi."

Zovala zinamupulumuka m'manja. Gilmar, wa nyimbo yoyamba, anabanika akudya mpunga ndi nyemba, pakhosi popanda kanthu. Dalva, wa yachiwiri, anagwa pamsika akukanda pachifuwa. Tonhão anali wachitatu, ndipo onsewo anamwalira Loweruka, masabata otsatizana. Amayi a paphiripo anali atayamba kale kunong'ona kuti kusitudiyo ya kampaniyo kukununkha makandulo ndi kachasu wothira pansi, komanso kuti ukadutsa pakhomo pake umamva anthu ambiri akupuma m'kati, chikhalirecho chitseko n'chokiya.

Jucilene ankadziwa chinthu chimene amayiwo sankadziwa. Woimba rapu amakoka mpweya mothamanga pakati pa mizere, ndipo wokonza nyimbo amadula kaphokoso kameneko n'kutaya. Koma a Valdeci, eni kampani, anamuuza kalekale kuti, "Usamataye, mwana wanga, uzisunga padera, aliyense pa dzina lake." Iye anasunga, wake womwe. Ndiye a Valdeci amenewa, amene mapapo awo anatha ndi utoto wa kufakitale, amene ankapumula katatu pokwera masitepe a phirilo, masiku ano ankakwera awiriawiri akuimba mluzu!

M'mawa mwake anakwera basi yothawira kwa azakhali ake ku Minas. Basi itangowoloka mlatho, chifuwa chinathina ngati wachimanga ndi waya. Anatsika akukwawa. Atayang'ana kumene anachokera n'kuyenda pang'ono, mpweya unabwerera. Anayesanso kawiri, zomwezo. Anakhala pamsewu n'kulira, chifukwa ankaopa kufa.

Masana analowa kusitudiyo osagogoda. A Valdeci anali pampando akumwa khofi, masaya ali phwii.

"Ndinu mfiti," anatero Jucilene.

"Moni kaye, mwana wanga."

"Ndifufuta zonse, pompano."

"Fufuta. Kompyuta ndi iyo." Anamusunthira mpando. "Koma wako uli momwemo. Ukafufuta wapita lero, ukasiya wapita Loweruka."

Dzanja la Jucilene linaima pamwamba pa batani lofufutira. A Valdeci anausa moyo, ndipo kuusako kunali kwa Tonhão, kamluzu ka m'mphuno kaja kamene Jucilene anakadula kambirimbiri.

"Komatu ndandanda wa nyimbo amasintha," anatero mkuluyo mofatsa. "Tikutulutsanso chimbalechi ndi nyimbo imodzi yatsopano. Ikalowa pa nambala folo, yako isunthira kumbuyo. Kungoti woimba watsopano ndilibe."

Jucilene anatuluka. Anatsika phiri, anakweranso, anakhala pakhomo pake mpaka mithunzi itatalika. Kuseri kwa khoma Neide ankachapa mbale akubwereza mizere yake, imene kwa zaka zitatu anakhala akupempha Jucilene kuti aijambule.

Lachisanu Neide anafika kusitudiyo atavala ndolo zatsopano, akungosekerera.

"Abale, ine ndemwe pa chimbale? Juci, ndiwe mlongo wanga weniweni!"

Jucilene anamuveka zomvera m'makutu osamuyang'ana kumaso. Anadzida, koma manja ake anagwira ntchito bwinobwino ngati masiku onse.

"Ndiime apa?" anafunsa Neide.

"Sendera pafupi ndi maikolofoni," anatero Jucilene. "Usanayambe, koka mpweya wambiri."