Masamba a m'Wilibala ya a Bruce

Anjimile ankakhala ku Thamesmead, kudziko la azungu. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amayi ake adye.

Amayi anadwala chibayo. Anagona kuchipatala milungu itatu. Atatuluka, chakudya sankachifuna. Anaonda kwambiri.

Abambo anaphika supu. Amayi anapukusa mutu.

Abambo anadula apozi. Amayi anapukusa mutu.

Abambo anawiritsa kaloti. Koma kaloti wakeyo, madzi okhaokha! Amayi anatembenukira kukhoma.

Lolemba kunabwera namwino. Anawayeza amayi. Sanamwetulire.

"Akapanda kudya pofika Lachisanu, abwerera kuchipatala," anatero.

Anjimile anamva zonse. Anachita mantha. Analira mwakachetechete.

Lachiwiri amayi sanadye. Lachitatu sanadyenso. Kunja kunkazizira. Masamba a mitengo ankayoyoka. Kunkada msanga.

Lachinayi Anjimile ankachokera kusukulu ndi abambo. Anadutsa pa timinda ta kuseri kwa mafulati. Kumeneko kunali a Bruce, mzungu wokalamba. Ankakolola maungu. Maungu ankaika m'thumba. Masamba ankaponya m'wilibala.

Anjimile anaima. Masambawo anawadziwa. Anali pa chithunzi m'foni ya amayi. Chinali chithunzi cha munda wa kwawo ku Dedza.

"Musataye!" anafuula m'Chingerezi. "Ndi nkhwani uyu. Kwathu amadya!"

A Bruce anakanda mutu.

"Ndalima maungu zaka makumi atatu," anatero. "Ndiye nthawi yonseyi ndimataya ndiwo? Tenga, mwanawe. Mawa chisanu chiwapha."

Anjimile anasankha masamba anthete. A Bruce anawonjezera dzungu limodzi.

Kunyumba abambo anayang'ana masamba aja. Anawatembenuza uku ndi uku.

"Ine ndinabadwira konkuno, ku Croydon," anatero. "Zokonza izi, sorry, sindidziwa."

Anjimile anatenga mbale. Anakhala pafupi ndi bedi la amayi. Anayamba kung'amba masamba. Ankang'amba mwachisawawa. Timinga take tinkamubaya zala.

Amayi anatsegula diso limodzi.

"Iwe Anji," ananong'ona. "Ukuwononga ndiwo."

"Sorry, Mummy."

"Bwera nazo kuno."

Amayi anadzuka pang'onopang'ono. Anathyola phesi la tsamba. Anakoka tiulusi take mpaka kumapeto.

"Uku ndiye kusadzula," anatero. "Thyola, koka. Thyola, koka."

Anjimile anathyola, anakoka. Anathyola, anakoka. Timinga tinachoka. Mbale inadzaza.

"Nsinjiro tilibe m'nyumba muno," anatero abambo ali pakhomo.

"Chiponde chili m'botolo," anayankha amayi. "Muikemo tomato mmodzi. Madzi pang'ono, bambo a Anji. Osati ngati kaloti uja!"

Abambo anaseka. Unali mwezi wathunthu asanasekepo.

Anaphika nkhwani wotendera. Anawiritsanso dzungu. Fungo linadzaza nyumba yonse.

Amayi analawa pang'ono. Misozi inatsika. Analawanso. Anadya ndi chibenthu cha dzungu. Sanamalize, koma anadya.

Lachisanu m'mawa chisanu chinagwa. Anjimile anasuzumira pawindo. Masamba onse m'timinda anali atada bii. Panalibenso nkhwani.

Namwino anabwera. Amayi anali akadali oonda. Anali akadali ofooka. Koma anali khale pampando, akudya dzungu lotsala ndi apozi.

Namwino anawayang'ana nthawi yaitali.

"Akhale pakhomo," anatero. "Azingodya."

Namwino atapita, abambo anatenga nthanga za dzungu. Ankafuna kuzikazinga.

"Musakazinge zonse," anatero amayi.

Anatapako pang'ono. Anaziika m'dzanja la Anjimile. Anamufumbatitsa bwinobwino.

"Usunge," anatero. "Kukadzafunda, tidzabzala awiri."