Dziko la Owen Linalibe Msewu

Inali cha m'ma 2 koloko masana, mu Novembala wa 2007. Kunali kotentha kwambiri, mitambo yakuda itaunjikana cha ku Mwami koma mvula isanagwe. Ndikutchula nthawiyi dala, chifukwa anthu akamva nkhaniyi amathamangira kunena kuti tinali kutulo. Kunali kowala. Tinaona atatu: ine, Owen Zulu, ndi Mayi Tabeth amene mpaka lero amagulitsa mandasi pafupi ndi geti. Mukhoza kukawafunsa, ngakhale kuti sakonda kuikamba.

Nditapuma ntchito ya uphunzitsi ku Ludzi, mkazi wanga Imelda atamwalira, ndinayamba kutayipa mapepala a malole pa boda ya Mchinji. Kukhala ndekha m'nyumba kunandilaka. Ndinkagawana kachipinda ndi Owen, bambo wojambula zithunzi. Kachipindako kanali ndi chitseko chimodzi ndi zenera limodzi la zitsulo. Ine ndinkakhala chakukhomo ndi makina anga otayipira, iye mkati ndi kompyuta yake.

Luso la Owen linali lodula munthu pa chithunzi n'kumuika kwina. Madalaivala ankalowa ndi fumbi la ku Chipata n'kutuluka ataima pafupi ndi ndege. Sabata imeneyo woimba wina wa ku Zambia anamupempha chithunzi cha pa sidi yake. Ankafuna dziko la kunyenyezi, loti munthu sanaliponde.

Owen analimanga ndi zinthu za pa boda pomwepo. Anajambula mapiri a Mchinji n'kuwatalikitsa mpaka kukhala ngati mano. Matanki a malole a mafuta anawaimika chilili, nakhala nsanja zonyezimira. Beseni la Mayi Tabeth analisandutsa mwezi, n'kulibwereza kuti miyezi ikhale iwiri. Thambo analipaka mtundu wa biringanya. Pansi ponse anayala phulusa lomwe anakajambula kuseri kwa balani ya fodya. Pomaliza anafufuta mitengo, mawaya amagetsi ndi msewu.

"Nanga anthu aziyenda pati?" ndinamufunsa.

"Aphunzitsi, kumeneko sayenda wapansi. Amauluka. Msewu ndi wa ife osauka."

"Taonani zachilendo," anatero Mayi Tabeth atasuzumira. "Beseni langa lakafika kumwamba, mwiniwakene ndili pano kuingitsa ntchentche."

Tinaseka. Masana omwewo m'pamene anabwera Yohane.

Anali tenanti pa esiteti ina ya fodya ku Chiosya, koma kwawo ku Phalombe. Anali wowonda, wolankhula motsitsa. Ananyamula kanthu kokulungidwa m'chitenje ndi manja awiri, monga munthu amanyamulira mbale yodzaza. Akulowa ndinamumva akunong'ona kuti, "Talowa m'nyumba tsopano." Ndinayesa akutipatsa moni.

M'chitenjemo munali chithunzi cha amayi asanu akusankha fodya m'chigafa. Analoza wachiwiri kuchokera kumanzere.

"Uyu ndi Esnart, mkazi wanga. Anatisiya mu Juni. Tinamuika ku esiteti konko, kwathu kunatalika. Ndikufuna akhale yekha, nkhope izioneka bwino. Ndikupita naye kwa amayi ake."

Anati dalaivala wa lole yopita ku Limbe wamulola kukwera, ndipo inyamuka mapepala akangotha. Mapepalawo anali pa tebulo langa.

"Pitani mukamwe tiyi, achimwene," anatero Owen. "Mukamabwera mumupeza wakonzeka."

Yohane anazengereza pang'ono. Anayang'ana chithunzicho, nachiuza kuti, "Ndibwera." Kenako anatuluka.

Owen anaika chithunzicho mu sikana, n'kuyamba kudula mayiyo ndi mausi mosamala, kuzungulira duku, phewa, mpaka mapazi. Anali ndi chizolowezi chake: akadula munthu ankayamba wamuika pa malo akuda kuti aone ngati m'mphepete mwadulika bwino. Chithunzi chakuda chomwe chinali chotsegula chinali dziko lake lija. Anamuika pamenepo, pakati pa phulusa, pansi pa miyezi iwiri.

"Kamphindi chabe," anatero.

Kunagunda bingu. Magetsi anazima.

Mvula inayamba ndi madontho akuluakulu. Mayi Tabeth anathamangira mkati ndi beseni lawo n'kutseka chitseko. Tinakhala tikumvera mvula pa malata. Patapita nthawi magetsi anabwera, kompyuta inayaka, ndipo chithunzicho chinatseguka chokha. Esnart anali pomwe anamusiya.

Owen anayesa kumusuntha. Sanasunthe. Anandifotokozera kuti chithunzi chotere chimakhala ndi magawo osanjikizana ngati mapepala, ndipo gawo la mayiyo silikuonekanso. Anali atamatirira ku dzikolo.

"Palibe vuto. Ndiyambiranso."

Anatsegula chivundikiro cha sikana. Anangonditambasulira pepalalo.

Panali amayi anayi. Pa malo a wachiwiri panali mpata woyera, wooneka ngati munthu, duku ndi phewa zonse.

M'chipindamo munayamba kununkha fodya wonyowa. Si wa ndudu ayi. Ndi fungo lija la m'chigafa m'mawa, masamba akafewa ndi chinyezi.

"Owen," anatero Mayi Tabeth motsitsa, "mayiyu anayang'ana kuti poyamba?"

Tinacheukira ku sikirini. Poyamba ankayang'ana ife, akumwetulira pang'ono monga pa pepala paja. Tsopano anali atatembenukira ku mapiri. Kumbuyo kwake, pa phulusa, panali mapazi.

Ine ndinaphunzitsa sayansi zaka zambiri. Ndinati mwina ndi vuto la makina. Mawu anga sanandikhutiritse ngakhale ndekha.

Tikamuyang'ana sankayenda. Tikangophethira kapena kuyang'anana, tinkamupeza wasuntha. Anapita kumanzere mpaka m'mphepete mwa chithunzi. Anaima. Anabwerera, napita kumanja. Anaimanso. Anazungulira nsanja zija kufuna khomo, koma matanki a mafuta alibe makomo. Mapazi ake anachuluka, nadutsanadutsana, mpaka phulusa lonse linaoneka ngati khola lomwe mwagona mbuzi yomangidwa.

Owen anagwira chingwe cha magetsi.

"Musazimitse!" Mayi Tabeth anamumenya dzanja. "Mukufuna mumutsekere mumdima?"

"Ndiye titani, amayi?"

"Itanani mwamuna wake."

Ndinapita kuchitseko. Sichinatseguke. Ndinakoka ndi manja awiri. Owen anabwera kudzandithandiza. Ndimadziwa kuti matabwa amafufuma ndi mvula, koma mvulayo inali isanathe ndi ola lomwe. Ndinaitana pa zenera. Malole anali pamzere, magalasi otseka. Palibe anamva.

Masipika a Owen anafa kalekale, ankangoikapo makiyi. Anayamba kulira. Poyamba ngati mphepo ya pa chigwa. Kenako kupuma. Kupuma kwa munthu wotopa ndi kuyenda.

Titacheukanso, nkhope ya Esnart inali itadzaza sikirini.

Sankaoneka wokwiya. Ndikufuna izi zimveke. Ankaoneka ngati mayi amene watsika basi pa malo olakwika, dzuwa likulowa. Chikhatho chake chinali pagalasi. Galasilo linachita nthunzi, chamkati.

Go.

Tinaima poima.

Go. Go.

Mayi Tabeth anayamba Atate Wathu koma anathera pakati. Mpweya unachepa. Denga linaoneka ngati latsika.

Chitseko chinatseguka mosavuta, ndi dzanja limodzi. Anali Yohane, atanyowa.

Anayang'ana pepala. Anayang'ana sikirini. Sanakuwe.

"Mwamuika kuti?"

"Achimwene, pepani," anatero Owen. "Ndimangofuna kuona ngati ndadula bwino."

Yohane anafotokoza mwachidule, maso ali pa mkazi wake. Akuluakulu akwawo a ku esiteti anamulangiza kuti munthu akaikidwa kuchilendo samusiya. Umatenga chinthu chake, n'kuchigoneka pamanda, n'kumuitana kuti alowemo. Ukatero umamunyamula mpaka kwawo, ukumuuza paliponse pomwe mwafika, kuti asasochere. Ena amatenga chovala. Iye zovala zabwino anamuika nazo. Chomwe chinatsala ndi chithunzicho.

"Bwanji simunanene?" anafunsa Owen.

"Mukanandiseka, abwana."



Yohane anasendera pafupi, nayang'ana mapiri aja, miyezi iwiri, phulusa.

"Kuno n'kuti?"

"Kulibe. Ndinangopanga."

"Msewu uli kuti?"

Owen anandiyang'ana. Anatenga kamera yake, naiphimba ndi jumbo, n'kutuluka mumvula. Ndinamuona pa zenera ataima pakati pa tala, atafulatira geti, akujambula msewu wolowera ku boma ndi ku Lilongwe, ndi maenje ake odzaza madzi. Atabwera anakhala pa kompyuta. Esnart anali atabwerera pakati pa phulusa, atakhala pansi. Owen anaudula msewuwo n'kuuyala kuchokera kutali kuseri kwa nsanja, kudutsa pa mapazi a mayiyo, mpaka m'munsi mwa sikirini. Uwu sunakane. Unalowa.

Yohane anayala chitenje pa tebulo, naikapo pepala lija, nagwada.

"Tembenukani nonse. Sayenda anthu akumuyang'ana. Anali wamanyazi."

Tinayang'ana kukhoma.

"Esnart, ndine. Dzuka. Anakusocheretsa mosadziwa, usawasungire. Ukuuona msewuwo? Ndi womwe tinabwerera pa lole ya esiteti, uja unkadandaula kuti wakuthyola msana. Tsata umenewo. Ndili kumapeto."

Kupuma kuja kunasiya. Mvula yokha.

Kenako mapazi. Osavala nsapato, pa tala wonyowa. Patali. Pafupi. Pafupi kwambiri, osatinso m'masipika.

Chinachake chozizira chinadutsa kumbuyo kwa miyendo yanga. Mayi Tabeth anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Wafika," anatero Yohane. "Khala apa."

Pa pepala panali amayi asanu. Anayi ankamwetulira monga kale. Wachiwiri sankamwetulira, ndipo mapazi ake anali otuwa mpaka m'akakolo. Pa simenti, kuchokera pa tebulo la kompyuta, panali phulusa lonyowa.

Owen anafunsa mwamanyazi ngati ayesenso kukulitsa nkhope ya Esnart.

"Ayi. Amayi ake amuzindikira chomwechi."

Anakulunga chitenje, nachinyamula ndi manja awiri. Pakhomo ndinamumva akuti, "Tikutuluka. Pali chithaphwi, ndikudumphitsa." Ndinamaliza mapepala a lole ija mofulumira kuposa masiku onse. Inanyamuka mvula ikukata, Yohane ali kutsogolo, milomo yake ikuyenda. Dalaivalayo atabweranso anatiuza kuti bamboyo anatchula mlatho uliwonse mpaka ku Limbe. Zoti anafika bwanji ku Phalombe sindikudziwa.

Nkhaniyi anthu ambiri amaithera pamenepa. Mayi Tabeth nawonso amathera pamenepa, chifukwa zotsatirazi sanazione.

M'mawa mwake kunacha bwino. Owen anatsegula chithunzi cha dziko lija kuti achotse msewu, poti woimba uja sanapemphe maenje a ku Mchinji. Ndinamva akukankha mpando.

"Aphunzitsi, tabwerani."

Phulusa linali losalala, lopanda phazi ndi limodzi lomwe. Koma kutali, pomwe msewu umatulukira kuseri kwa nsanja, panali munthu. Wamng'ono ngati njere ya mpunga. Owen anakulitsa malowo mpaka chithunzi chinayamba kusweka timabokosi. Nkhope sinkaoneka. Anali mayi, wovala juzi yobiriwira, ataima pakati pa tala. M'dzanja lamanja ananyamula nsapato.

"Uyu sindinamuikemo," anatero Owen. "Ndikulumbira. Dzulo pamsewu panalibe munthu."

Imelda ankavula nsapato mvula ikagwa. Ankati mapazi amauma okha koma nsapato zimafuna sopo. Zaka zonse zomwe tinakhala ku Ludzi ankabwera kuchokera ku Misa atazinyamula m'dzanja lamanja. Owen sanamudziwe. Chithunzi chake sichinalowepo m'chipinda chimenecho. Ndipo Imelda anaikidwa kwawo, pakati pa abale ake, mwambo wonse unachitika.

Sindinamuuze Owen zimenezi. Ndinangofunsa ngati mayiyo akubwera kapena akupita.

"Sizikudziwika. Ndifufute msewuwo?"

Ndinakumbukira mapazi aja ozungulirazungulira.

"Usiyeni," ndinatero. "Woimbayo mumupangire china."

Owen anachisiya chithunzicho chotsegula. Ine ndinatembenukira kukhoma monga anatiphunzitsira Yohane, ndipo ndinaima choncho kwa kanthawi. Ndinamva injini za malole, ndi osintha ndalama akuitanira makasitomala ku geti. China sindinamve.

Dalaivala wina anagogoda pa zenera, akuti feteleza wake wagona pa boda masiku ambiri ndipo bwana wake akumutukwana pa foni. Ndinalandira mapepala ake, ndinakhala pa mpando wanga umene umafulatira kompyuta, n'kulowetsa pepala m'makina. Ndinatayipa dzina la kampani ndi nambala ya lole. Pa mzere wa katundu ndinaima pang'ono, kumvetsera. Kenako ndinapitiriza.