Paipi ya M'munsi Mumange Kawiri

Basi yomaliza inali itapita kalekale pamene Khu Bun-liong ankatuluka pabwalo la magalimoto akutha la madala Sim, atabereka lediyeta kumsana, yomangidwa ndi mphira wa chubu. Kwawo kunali kutsidya kwa mtsinje, mtunda ndithu, ndipo unali mwezi wachisanu ndi chiwiri, mwezi umene akufa amatsekuliridwa kuti ayendeyende. Munthu wanzeru akanapempha mphasa n'kugona pomwepo. Koma usiku umenewo Bun-liong analibe mpata wokhala wanzeru.

Masana ake, mlongo wake A-siu anali ataimba foni kugolosale ya m'mudzi kuchokera kuchipatala cha kutauni. Madokotala anali atanena mosabisa kuti bambo awo sadzaliona dzuwa la mawa likulowa. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti nkhalamba siyenera kutsirizikira pabedi la eni kapena panjira, chifukwa mzimu wake umasochera, sudziwanso khomo la kwawo. Iyenera kutsirizikira m'chipinda chachikulu cha nyumba yake, pamaso pa guwa la makolo. Mkuluyo anali atanena yekha, atagwira dzanja la A-siu: “Usandisiye kuno, iwe.”

Nanga kalole ka Bun-liong konyamulira nthochi? Kanali kakudontha kuyambira nthawi yokolola mpunga. Bun-liong, poti ndi munthu wa mawamawa, ankangoswera dzira m'lediyeta, tsiku lina tsabola, tsiku lina kumata sopo. Tsiku lomwe kankafunikadi, kanalavula nthunzi pabwalo n'kukhuthula madzi onse. Lediyeta yatsopano inali yochita kuitanitsa, mlungu wathunthu. Mpake anathamangira kwa madala Sim.

“Zolowa m'kalole kakoko zilipo ziwiri,” anatero madala Sim, akutafuna mtedza wawo uja wofiiritsa mano. Anagunda ina ndi phazi. “Iyi ndi yamkuwa, yochokera m'takisi. Zigamba n'zambiri kuposa za buluku langali, koma pamsewu wosalala ikufikitsa.”

“Nanga pachitunda paja?”

“Pachitunda upemphere.”

“Inayo ili kuti?”

Madala Sim analavula malovu ofiira n'kuyang'ana kumbali. “Ndati ziwiri? Ukalamba uwu. Ndi imodzi.”

Koma Bun-liong anali ataiona kale. Kumapeto kwa bwalo, m'tchire, kunali lole yofanana ndendende ndi yake, denga lophwanyikira m'kati, pachitseko atamatapo pepala lachikasu la ansembe lotchingira mizimu, losuluka ndi mvula. Atatsekula boneti anangoti kukamwa yasa. Lediyeta yake inali ngati ya m'sitolo: yopanda dzimbiri, yopanda chigamba, mabowo a mabawuti pamalo pake, makosi a mapaipi mbali yomweyo.

“Imeneyo sitigwira, mphwanga,” anatero madala Sim ataima patali. “Ngakhale akuba amailambalala.”

“Ikudontha?”

“Sindinanene kuti ikudontha.”

“Ndiye ndikutenga, madala. Bambo anga sangakwere chitunda ndi mapemphero okha.”

“Masula wekha. Sipanala iyo, ndipo ukamaliza usandibwezere.”

Bun-liong sanafunse chifukwa. Ankachiganizira, n'chifukwa chake sanafunse. Anaimasula, anaizondotsa, anaigwedeza: munalibe ngakhale dontho, munangotuluka fumbi ndi kangaude wakufa.

Tsono anali pamsewu yekha. Uku mzimbe, uku mzimbe, wautali kuposa munthu. M'mphepete mwa njira anthu anali atasiya mbale za mpunga ndi zipatso kuti alendo osaoneka adye, ndipo phulusa la mapepala amene anthu amawotcha popereka nsembe kwa akufa linkauluka m'mapazi mwake. Malamulo a mweziwo ankawadziwa kuyambira ali wakhanda: osaimba mluzu, osacheuka, osavomera wina akakulankhula kumbuyo. Anayenda ndawala, achule akusokosera m'ngalande.

Kenaka achule analeka. Onse, nthawi imodzi.

Khulu... khulu... khulu...

Anaima. Phokoso linaimanso. Anayamba kuyenda. Khulu... khulu...

Linali kumsana kwake. Madzi, akukhuvuka m'lediyeta imene anaigwedeza yekha ili youma!

“Ndi m'mimba mwangamu,” anadzinamiza, poti sanadye chichokere m'mawa. Koma m'mimba simutenthetsa msana. Chitsulo chija chinayamba kufunda. Chinafunda ngati galimoto yangoima kumene. Kenaka china chake chinadonthera pakatumba. Dontho. Dontho linanso. Anagwira n'kununkhiza: fungo la matope a mumtsinje.

Ndiye anamva mapazi. Nsapato zonyowa. Chapa... chapa... chapa... Osafulumira, osatsalira.

“Mwasankha bwino, achimwene.”

Mawuwo anali pafupi ndi phewa lake lamanzere, aulemu, a munthu wa kwathu konkuno. Tsitsi la Bun-liong linaima. Anatseka pakamwa zolimba, maso kutsogolo. Komabe ndi ngodya ya diso ankaona: munthu wovala vesiti yoyera, kathawulo m'khosi monga amachitira madalaivala a malole. Madzi ankayenderera m'zigongono mwake. Mvula inali isanagwe mwezi wonse.

“Siinayende kwambiri imeneyo,” mlendoyo anapitiriza. “Koma paipi ya m'munsi imaguluka. Mumange kawiri.”

Chapa... chapa...

“Kawiri, achimwene. Mwamva?”

Bun-liong sanacheuke. Anawonjezera liwiro. Mlendo anawonjezeranso. Mzimbe unatha, mphepo yozizira inawomba, ndipo patsogolo panaoneka mlatho, wautali, wopanda nyali. Pakati pake chitsulo cha m'mbali chinali cha mtundu wina, choikidwa pambuyo pake. Iye anali atadutsapo kosawerengeka osalabadira. Usiku umenewo anachiona.

Anaponda phazi limodzi pamlatho, ndipo katundu uja analemera.

Poyamba ngati thumba la mpunga lonyowa. Kenaka kuposa pamenepo. Mphira unadya m'mapewa. Mawondo anapindika. Anayesa kukoka phazi lina... linakana. Anagwa chogwada, manja pansi, mpweya ukubanika. Kumsana madzi ankawira.

Mapazi aja anali ataima.

“Ine ndimathera pano,” anatero mlendo, motsitsa. “Usiku uliwonse, pomwe pano. Onse anawoloka... Ine sanandiitane.”

Apa m'pamene Bun-liong anafuna kufa ndi mantha, chifukwa anamvetsa. Wakufa sawoloka madzi yekha. N'chifukwa chake tikanyamula maliro timafuula pamlatho uliwonse, ngakhale pakamlatho ka ngalande, kuti womwalirayo atitsatire. Koma munthu amaitana wake. Ukaitana wakufa wa eni, wamusonyeza njira ya kukhomo kwako, ndipo Bun-liong anali ndi mkazi ndi ana m'nyumba.

Mfundo ya mphira inali pachifuwa pomwepa. Kungokoka kamodzi, chitsulo m'madzi thibu, iye n'kuthawa. Zala zake zinaigwira. Ndiye anaona m'maganizo mwake kalole kali gwa pabwalo, boneti ili yasa, dzuwa likukwera, bambo ake akuyang'ana denga la chipatala, akudikira mwana amene sakubwera.

Anasiya mfundo ija. Mawu anatuluka ngati a nkhuku yachitopa.

“Inu... inu muli kumbuyonu...” Kenaka anafuula ndi mphamvu zake zonse. “Achimwene! Tikuwoloka mlatho! Nditsatireni!”



Kenaka katundu anapepuka, mwadzidzidzi, mpaka anatsala pang'ono kugwa chafufumimba. Anadzuka. Anayenda. Kumbuyo: chapa... chapa... chapa... pamatabwa, pachitsulo chachilendo chija, mpaka kutsidya.

Anayenda motero mpaka pamphambano, pomwe kanjira kamapatukira kumudzi wa a Lai. Pamenepo mapazi analeka kumutsatira.

“Kwathu ndi uku,” anatero mlendo, ndipo mawu ake ankamveka ngati a munthu amene akulira. “Kwanu ndibwera mawa.”

Mawa! Bun-liong analiyatsa liwiro, lediyeta ikumumenya m'msana, yozizira, youma. Sanaime mpaka pakhomo pake.

Sanamuuze kanthu mkazi wake. Anayatsa nyali n'kulowa m'injini. Lediyeta inakhala pamalo pake ngati inabadwira pomwepo. Atafika pa paipi ya m'munsi anapeza kuti kalamba kachitsulo komangira kalipo kamodzi kokha, kakalekale. Waya analipo, m'khola la nkhumba. Mawu aja anawakumbukira bwinobwino. Koma kunja kunali kukuyera, komanso, tinene zoona, sanafune kumvera malangizo a chinthu chimene chinamulonjeza kuti chibwera kwawo. Anamanga kamodzi, anathira madzi, analiza injini.

Dzuwa lili paliwombo anali panjira yobwerera kuchokera kuchipatala. Nkhalamba inagona pamatiresi kumbuyo, A-siu ataiphimba ndi ambulera, dzanja lina atagwira dzanja la bambo ake. Bun-liong anali yekha kutsogolo, diso limodzi pamsewu, lina pa kamuvi kosonyeza kutentha. Pachitunda kalole kanabuula, kanakwawa, fungo la mphira wotentha linalowa m'kati. Kamuvi kanakwera pang'ono, n'kuima. Sikanasunthenso.

Atayandikira mlatho anayang'ana pagalasi. Wamoyo saitanidwa. A-siu akatsekula pakamwa n'kufuula, ndiye kuti zatha, bambo atsirizikira panjira. Matabwa anagunda pansi pa matayala. A-siu anaweramira nkhalamba, anaika khutu pachifuwa... anaweramuka. Sanafuule.

Bun-liong analira yekha m'menemo mpaka kufika kwawo.

Anawanyamula bambo awo n'kuwagoneka pamatabwa m'chipinda chachikulu, mapazi cha kukhomo, lubani akufuka paguwa. Nkhalamba inatsekula maso, inayang'ana mitanda ya denga imene inaikhoma yokha ili mnyamata, ndipo nkhope yake inamasuka. Inakodola Bun-liong ndi chala.

“Wamuthokoza mnzako uja?”

“Mnzanga uti, bambo? Ndinali ndekha.”

“Wekha chani, iwe? Gim-hok, mwana wa a Lai. Chichokere kuchipatala ali kutsogolo kuja, wawerama, manja ali m'injini. Njira yonse.”

A-siu anagwira pakamwa. “Bambo, mukulota. Gim-hok anamwalira kalekale.” Anatembenukira kwa mlongo wake, akunong'ona. “Iwe unali kuusilikali. Chaka cha chigumula chija, lole yake yatsopano inagwa pamlatho. Apolisi anavuula mtembo usiku n'kupita nawo kutauni, abale ake asanamve n'komwe, moti panalibe woitana mzimu wake.”

“Ndikudziwa,” inatero nkhalamba, mawu akuzilala. “Bokosi lake ndinanyamula nawo. Akuti manja atopa... Pita ukamuuze kuti tafika.”

Bun-liong anatuluka. Kalole kanali pabwalo, injini ikuthetheka pozizira. Pansi pake panali pouma. Anatsekula boneti pang'onopang'ono n'kusuzumira.

Kalamba kachitsulo kaja kanali kataduka, kakulendewera. Paipi ya m'munsi inali pakhosi pake popanda choimanga chilichonse, ndipo mozungulira pake panali zidindo za zala, za matope a mumtsinje, osauma.

Anagwada m'fumbi momwemo.

“Achimwene Gim-hok,” anatero, “tafika.”

Paipi inaguluka. Madzi otentha anakhuthukira pansi n'kuyenderera pakati pa mawondo ake, ndipo m'nyumba muja A-siu anayamba kulira maliro.