Bambo Amene Kamera Sinawaone

Tawina anatuluka mu labu basi ya ophunzira itamusiya kale. Unali mwezi wa Disembala, ku College Park mdima utagwa, chisanu chikuluma makutu. Anaganiza zodzera njira yachidule ya m'mitengo, yowolokera pa kamlatho ka matabwa. Kumaso anavala magalasi amene iye ndi anzake ankapanga. Kamera yake inkasandutsa mdima kukhala ngati masana, ndipo pamene sinaone bwino, kompyuta inkangodzazapo yokha. Aphunzitsi ake ankafuna zotsatira m'mawa mwake, choncho anati awayesere konko.

M'magalasimo njira inkaoneka bwinobwino, tsamba lililonse poyera. Koma ataponda thabwa loyamba la mlatho, thupi lonse linachita tsembwe. Fungo la zovala zonyowa linamuwomba. Anacheuka. Palibe. Anasuntha phazi. Kumbali kwake thabwa linalira, kwee...

"Ndani?"

"Mlongo, imani."

Mawu a mwamuna, Chinyanja cha ku Lusaka. Kuno ku Maryland, m'tchire muno? Magalasi ankaonetsa mlatho wopanda munthu.

"Chosani ivo vinthu kumenso. Vikunamizani."

Tawina anakankhira magalasi pamphumi. Mdima bii! Anadikira. Pang'onopang'ono maso anazolowera... Pambali pake panaima bambo wamtali, atavala jekete la alonda, madzi akudontha m'manja mwake. Mpweya wa Tawina unkatuluka ngati utsi. Wa bamboyo ayi.

Bamboyo analoza pansi. Tawina anayang'ana. Mayo! Matabwa atatu panalibe. Nsonga ya nsapato yake inali pamphepete penipeni, pansi madzi akuda akuwinduka m'miyala. Anatsitsa magalasi: mlatho wathunthu, wosalala. Anawakweza: dzenje. Ndipo bambo uja... kulibe!

Anabwerera m'mbuyo, liwiro la mtondo wadooka, mpaka pamsewu waukulu. Kunyumba anaonera katatu kanema yense amene magalasiwo anajambula. Munalibe munthu. Munkangomveka mawu ake okha, akufunsa mphepo.

Lamlungu, mapemphero atatha ku Greenbelt, Tawina anafotokozera nkhaniyo Mayi Kangwa, mayi wa ku Zambia amene ankagawa tiyi. Mayiwo ankaseka poyamba. Atamva za mlatho, anaika ketulo pansi n'kukhala pampando. Anatulutsa foni, nafufuza nthawi yaitali, kenako anamuonetsa chithunzi.

"Ni aba?"

"Eya, ndi omwewa! Mumawadziwa, amayi? Amakhala kuti? Ndikufuna ndikawathokoze."

Mayi Kangwa anapukuta foniyo ndi chala, osamuyang'ana.

"Ni ba Nkandu, amuna banga. Benze kuchoka ku nchito, banatelela pa mlatho wamene uja. Tinabapeza kuseni kutacha, mumanzi." Anabweza foni m'chikwama. "Mtembo ninaupeleka neka ku Lusaka, mwana wanga. Papita zaka seveni."