Ankatifuna Kolakwika

Madzulo amenewo anzake ataweruka, mtsikana yemwe pasukulu ya oyendetsa sitima zapamadzi ankamutcha Kafunsefunse anatsala yekha m'chipinda choyeserera. Mawa lake kunali mayeso, ndipo akalephera ulendo uno, basi, kunyumba. Chipindacho anachikonza ngati sitima yeniyeni: chiwongolero pakati, m'makoma nyanja ya pakompyuta, kudenga nyenyezi zongojambula.

Ananyamula sekisitanti, chida choyezera kutalika kwa nyenyezi pamwamba pa madzi kuti munthu adziwe pomwe sitima ili. Anayeza, nawerengera. Kompyuta inati waphonya. Anabwereza, kuphonyanso. Chodabwitsa, yankho lake linkagwera pamalo amodzimodzi, kutali kum'mwera.

"Simunalakwe, mayi."

Anatembenuka. Pa chiwongolero panali pataima bambo wovala jekete lonyowa, madzi akudontha pansi. Chitseko chinali chikhomere. M'chipindamo munamveka fungo la mchere.

Koma pakamwa pa Kafunsefunse sipanatsekeke. "Nanga bambo, mwadziwa bwanji kuti sindinalakwe?"

"Yezaninso nyenyezi yowala ija. Muitsitse pang'onopang'ono mpaka ikhudze madzi. Ine manja aumawa, kuzizira."

Pansi panapendekeka, chonsecho chipindacho n'cha simenti. Kamphepo kanamuwomba m'khosi. Mtsikanayo anatanyula miyendo, nayeza, nawerengera.

"Ndiye tili pati?" anafunsa bamboyo.

Mtsikanayo anatchula manambala. Bamboyo anapumira m'mwamba.

"N'chifukwa chake. Ankatifuna kolakwika."

"Ankakufunani ndani?"

Magetsi anaphethira. Pa chiwongolero panalibe munthu.

M'mawa anakafotokozera mphunzitsi wake, akudziwa kuti amuseka. Mphunzitsiyo sanaseke. Anatseka chitseko cha ofesi, nanena motsitsa mawu kuti thambo la phunziro limenelo analikonza yekha, motsatira usiku womwe sitima ina inasowa kalekale. Malo omwe kompyuta imati ndi olondola ndi amene sitimayo inalengeza komaliza pawailesi. Anthu osaka sitimayo anazungulira pamenepo mpaka kutopa, osapeza ngakhale thabwa.

"Achimwene anga anali momwemo," anatero. "Jeketelo linali lotani?"

"Lachikasu. Kolala yake yosokedwa ndi ulusi wofiira."

Mphunzitsiyo anagwira kukamwa. Panja ophunzira ankagogoda, akufunsa za mayeso, koma iye sanawamve. Anayala mapu a nyanja patebulo.

"Mwanawe, manambala aja nditchulirenso. Usathamange."