Kansanza Kobiriwira

Nagirisi anali atamanga kale paipi, atasambanso m'manja, pamene mtima unamugunda. Kodi kansanza kaja anakachotsa?

Anaima pampopi sopo ali m'manja, maso ali pa chigalimoto cha bambo ake kuseri kwa nyumba. Dzina la Nagirisi anamupatsa ndi anzake a kusekondale, chifukwa zikhadabo zake zinkakhala zakuda ndi girisi, sizinkayera ngakhale azikweche bwanji. Dzinalo analibe nalo vuto. Chomwe chinkamuwawa n'kumva anthu akunena bambo ake.

Bambowo anali makaniki wamkulu pagalaja ina. Atadwala n'kugona m'chipatala, anabwerera kuntchito dzanja lamanja likunjenjemera. Tsiku lina anaiwala kulimbitsa tayala la galimoto ya kasitomala, ndipo bwana anawauza kuti akayambe apumula kunyumba. Kupumulako kunalibe tsiku lothera.

Ndiye anakagula chigalimotochi, chotchipa ngati akutaya. Mwini wake anali atachisiya pabwalo mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Chitafika chokokedwa ndi chingwe, aneba onse anatuluka kudzaseka.

"Anzanu amayamba kugula nkhuku, inu mwayamba ndi khola," anatero mayi ake a Nagirisi.

"Likayenda kholali, wokhala kutsogolo mudzakhala inu nomwe," anayankha bambowo.

Koma sanachigulire kuyendera. Bwana uja anali atawalonjeza kuti akaidzutsa injini imeneyi, iye akuona ndi maso ake, awabwezera pantchito. Bambo ndi mwana wawo anaiphwasula yonse, kuitsuka, kuimanganso, miyezi n'kumapita. Lero ndiye linali tsiku lakuti bwanayo abwere.

Chinthu chomwe bambowo ankachisamala ngati dzira chinali thebo, kachipangizo kooneka ngati chigoba cha nkhono kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu. M'kati mwake muli timapiko topyapyala tozungulira mwaliwiro loopsa, moti ngakhale kamwala kakang'ono katalowamo, zonse zatha. N'chifukwa chake anali ndi lamulo: bowo lililonse limene atsegula azilitseka ndi nsanza yofiira, yooneka patali, ndipo asanalize injini nsanza zonse zibwerere m'chitini chake.

Tsiku limene anamasula paipi yolowetsa mpweya ku thebo, nsanza zofiira zinali zitatha. Nagirisi anang'amba kansalu ku yunifolomu yake yakale yobiriwira, n'kukakankhira m'paipimo ndi chala, osauza munthu. M'mawa uno bambo ake atapita kukatenga batire kotchajitsa, iye anati awadabwitse, n'kumanga paipiyo yekha mothamanga. Tsopano mutu unkakana kumuuza ngati anasuzumiramo.

Bambo ake anafika thukuta lili kamukamu, batire ili pa wilibala. Anazungulira injini, kuwerama uku ndi uku, kufunafuna chofiira. Panalibe. Anagwedeza paipi ija, naipeza yolimba.

"Wamanga wekha? Iwe ndiye wandiposa," anatero akumwetulira, kumwetulira kumene Nagirisi anali asanakuone chidwalireni bambowo.

"Bambo..."

Hutala inalira pageti. Bwana anatsika m'galimoto yake yonyezimira, makiyi akuzungulira kuchala. Anali munthu wamimba, wolankhula mokweza ngati aliyense ndi wogontha. Mayi anatulutsa mpando, ndipo aneba anayamba kusuzumira pampanda.

"Uyu ndiye makaniki wamng'ono amatchuka uja?" anafunsa bwanayo. "Amisiri, mwana mwaphunzitsa. Akamaliza sukulu mudzandibwereke."

Nagirisi anamva kukoma ndi mantha nthawi imodzi. Kumasula paipi sikukanatenga nthawi, ngakhale madzi a tiyi sakanawira. Koma anene bwanji pamaso pa anthu onsewa, atangoyamikiridwa kumene? Nanga akamasula n'kupeza mulibe kanthu, si azimuseka mpaka chaka chamawa? Anadziuza kuti anakachotsa. Anadziuzanso kachiwiri, ndipo anatsala pang'ono kukhulupirira.

"Umati chiyani, mwanangu?" anafunsa bambo ake, mwendo umodzi uli kale m'galimoto.

"Ayi, palibe."

Kiyi anatembenuka. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inadzuka ndi mawu osalala bwino. Aneba anaomba m'manja. Mayi anagwira pakamwa, misozi ikulengeza. Bwana anaika chikhatho pa injini, akugwedeza mutu movomereza.

"Tapatsani moto, amisiri, timve thebo ikuimba."

Bambowo anaponda. Kunamveka kamluzu kokoma, kakukwera, kakukwerabe. Kenako kamluzuko kanasanduka kulira konyansa, ngati wina akukwecha mpeni pa lata. China chake chinaphulika m'kati, injini inatsamwa, utsi wonunkha n'kudzaza bwalo lonse. Bambowo anazimitsa msangamsanga, koma anali atachedwa.

Bambo ake a Nagirisi anatenga sikuludiraiva n'kumasula paipi ija. Timapiko ta thebo tinali titapindika, tina titathyoka. Analowetsa zala, nasolola kansalu konyenyeka, kakuda ndi oyilo, koma kumphepete kakuonekabe kubiriwira. Anakayang'ana, nayang'ana mwana wawo kamodzi kokha. Kenako anakafumbata, n'kukaika m'thumba la ovolosi.

"Nsanza?" anatero bwana. "Amisiri, nsanza m'paipi ya thebo?"

"Ndaiwala ndine, bwana," anatero bambowo.

Bwanayo anapumira m'mwamba. Ulendo uno sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zomwe zinapweteka kwambiri.

"Ndinabwera ndi mtima wonse, amisiri. Manja anu ndimawadziwa. Koma lero ndi nsanza, mawa ndi mabuleki a galimoto yonyamula ana asukulu. Ine sindingathe. Pumulani basi."

Anatsanzika mayi mwaulemu n'kulunjika kugeti. Nagirisi anaima ngati wakhomeredwa pansi. Anamva chitseko cha galimoto chikutsekeka, ndipo m'pamene miyendo inamasuka. Anathamanga n'kukagogoda pa galasi.

"Bwana, si bambo anga ayi. Ndine. Kansanzako ndinaika ndine, paipi ndinamanganso ndine. Iwo amagwiritsa ntchito zofiira zokhazokha, kameneka n'kobiriwira, ndi ka yunifolomu yanga. Afunseni akuonetseni, kali m'thumba mwawo."

Bwanayo anatsitsa galasi n'kumuyang'ana mwachifundo.

"Ukanakhala iwe, ukananena tisanalize. Unali pomwepo, ndipo bambo ako anakufunsa ine ndikumva. Ndiwe mwana wabwino, ukufuna kuwaikira kumbuyo. Uziwasamala, wamva?"

Galasi linakwera, galimoto n'kuchoka. Nagirisi anaithamangira pang'ono akuitana, mpaka inakhota pakona.

Pobwerera anapeza aneba atabalalika mwakachetechete, mayi atalowa m'nyumba. Bambo ake anali atakhala pa tayala lakale, manja ali pakati pa mawondo. Nagirisi anagwada pafumbi patsogolo pawo, akulira mosabisa.

"Ndinakumbukira musanalize, bambo. Ndinakumbukira, koma ndinachita manyazi."

Bambowo akanamukalipira bwenzi zili bwino, koma sanatero.

"Kuiwala ndikukudziwa, mwanangu, kunandichotsa ntchito," anatero bambowo. "Kuiwala sindikanakuimba nako mlandu."

"Nanga munaneneranji kuti ndinu?"

"Ine anthu anazolowera kale kundinena. Iwe ukuyamba kumene."

Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo, n'kukaima kutsogolo kwa injini. Anayesa kulowetsa sipanala pa bawuti ya thebo, koma dzanja linkagwedezeka, sipanala n'kumangogogoda chitsulo. Anayesanso, ndipo inapulumuka n'kugwera pansi pa galimoto.

Nagirisi anapukuta misozi ndi mkono, nakwawira pansipo kukaitola. Atatuluka anaipereka ndi manja awiri, koma bambo ake sanailandire.

"Masula ndiwe," anatero. "Ndipo chilichonse chimene upezemo, undiuze."